Mafunso a Owerenga: Kadisiki ka Flash Kakasiya Kufulumizitsa Laputopu

Funso: Akonzi, ndili ndi laputopu yomwe inabwera ndi hadi disiki ya 500 GB komanso kadisiki kena kakang'ono ka 32 GB kamtundu wa SSD (disiki ya memore ya flash, yopanda ziwalo zosuntha). Poyamba inkayaka mwachangu, koma chiikireni Windows mwatsopano yakhala ikuchedwa kwambiri, moti ndimadikira nthawi yaitali kuti pulogalamu imodzi ingotseguka. Ndikayang'ana mu Disk Management (chida cha Windows choonetsa madisiki) kadisiki kaja kakuoneka, koma mu pulogalamu ya Intel Rapid Storage Technology batani la Accelerate, loyatsira ntchito yofulumizitsa ya kadisikiko, kulibe. Mnzanga wandiuza kuti ndilowe mu BIOS (makonzedwe a makina amene amatsegulidwa Windows isanayake), ndisinthe kagwiridwe ka SATA (njira yolumikizira madisiki) kuchoka pa mtundu wa RAID kupita pa wa AHCI, kenako ndifufute kadisikiko kuti ndizisungamo mafayilo. Kodi ndimvere malangizo amenewa?

Yankho: Musathamangire kusintha chilichonse mu BIOS, chifukwa Windows imene inaikidwa makina ali pa RAID imayembekezera kupeza disiki kudzera pa driver ya RAID (kapulogalamu kothandiza Windows kulumikizana ndi disiki), ndipo mukasintha mwadzidzidzi kupita pa AHCI, kawirikawiri makinawo amakana kuyaka n'kukuonetsani sikirini ya buluu yolembedwa kuti INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Mnzanuyo akufuna kukuthandizani, koma njira yake ikhoza kukuwonjezerani vuto pamwamba pa limene muli nalo kale, komanso ikulepheretsani kubwezeretsa liwiro limene mukulifuna.

Kadisiki ka 32 GB sikanaikidwe kuti kakhale nkhokwe ya mafayilo anu. Ntchito yake ndi ya cache, kutanthauza kuti makina amakoperamo tizidutswa ta deta timene amawerenga kawirikawiri, monga mafayilo oyatsira Windows ndi a mapulogalamu amene mumatsegula tsiku ndi tsiku. Hadi disiki ili ndi mbale zozungulira, nthawi zambiri maulendo 5,400 pa mphindi m'malaputopu, ndipo kamutu kowerenga kamayenera kusuntha kukafuna deta pamalo osiyanasiyana, pamene flash ilibe chiwalo chosuntha ndipo imayankha pafupifupi nthawi yomweyo. Zili ngati kalaliki amene amasiya pa tebulo mapepala ofunidwa ola lililonse kuti asamapite ku kabati nthawi zonse. Kampani ya Intel inatulutsa njira imeneyi, yotchedwa Smart Response Technology, mu 2011 pamodzi ndi chipset ya Z68, ndipo m'zaka zotsatira inapezeka m'malaputopu ambiri opyapyala amene ankabwera ndi kadisiki ka mSATA. Imalola cache yoyambira pa 18.6 GB kufikira 64 GB, ndipo imagwira ntchito pokhapokha SATA ili pa RAID. Choncho RAID imene mwaipeza mu BIOS si kulakwitsa ayi, ndi mmene opanga makinawo anakonzera.

Batani la Accelerate limasowa pa zifukwa zingapo, ndipo chofala kwambiri n'chakuti pa kadisikiko pali gawo limene linapangidwa pa nthawi yoika Windows. Anthu ambiri akafika pa sikirini yosankha disiki amaona madisiki awiri n'kugawa onse, kapena Windows yomweyo imaika tigawo take toyatsira pa disiki yaing'onoyo popanda kufunsa. Pulogalamu ya Intel imafuna malo opanda gawo lililonse, amene mu Disk Management amaoneka ndi mzere wakuda ndi mawu akuti Unallocated. Musanafufute gawo lililonse, werengani bwino zimene zalembedwa pa gawolo. Ngati lalembedwa kuti System kapena EFI System Partition, ndiye kuti makina anu akuyakira pa kadisikiko, ndipo kulifufuta kuchititsa kuti laputopu isayakenso. Zikakhala choncho, njira yabwino n'kusunga mafayilo anu kwina, kuikanso Windows, n'kuonetsetsa kuti magawo onse apita pa hadi disiki yaikulu. Mungapezenso gawo lolembedwa kuti Hibernation Partition, lalikulu mofanana ndi RAM (memore yogwirira ntchito) ya makina anu. Limeneli ndi la Intel Rapid Start Technology, njira ina yothandiza makina kudzuka msanga, ndipo likhoza kukhala limodzi ndi cache bola malo otsala akwane 18.6 GB.

Ngati kadisiki kali kopanda gawo koma batani silikubwerabe, chepetsani pang'ono gawo lomaliza la hadi disiki yaikulu pogwiritsa ntchito Shrink Volume, kuti kumapeto kwa disikiyo kutsale malo ochepa opanda kanthu, poti m'menemo ndi mmene Intel imalembamo chizindikiro cha kulumikizana kwa madisiki awiriwo. Onaninso kumene munatenga pulogalamu ya Rapid Storage Technology. Yatsopano kwambiri si ndiyo yoyenera nthawi zonse, chifukwa inapangidwira makina atsopano. Tengani imene ili pa tsamba la kampani yopanga laputopu yanu, pansi pa dzina ndi nambala ya makinawo. Owerenga ena amene ali ndi vuto lofanana adziwe kuti si laputopu iliyonse yokhala ndi kadisiki kotere imene imagwiritsa ntchito njira ya Intel. Makina ena a Lenovo, Samsung ndi Asus ankabwera ndi ExpressCache, pulogalamu ya kampani ya Condusiv, imene sifuna RAID, ndipo mungaone ngati ikugwira ntchito polemba eccmd -info mu Command Prompt yotsegulidwa ndi mphamvu za administrator.

Batani likabwera, mudzafunsidwa kusankha pakati pa Enhanced ndi Maximized, ndipo apa ndi pamene ndikufuna muganize mofatsa. Pa Enhanced, chilichonse chimene makina akulemba chimapita pa flash ndi pa hadi disiki nthawi imodzi, kotero kadisiki katawonongeka lero simutaya kanthu, mungoona makina akuchedwa. Pa Maximized, deta imayamba yalembedwa pa flash yokha, n'kudzasamutsidwira pa hadi disiki pambuyo pake. Kulemba kumafulumira ndithu, koma pamakhala nthawi imene mafayilo anu atsopano ali pa kadisiki kokha, ndipo kakafa kapena kakachotsedwa pa nthawi imeneyo, mafayilowo amapita ndipo Windows yomwe ikhoza kuwonongeka. Kwa makina amene atumikira zaka zambiri, ine ndingasankhe Enhanced mosakayika, popeza phindu lalikulu la cache limaoneka powerenga, monga poyatsa makina ndi potsegula mapulogalamu, ndipo phindu limenelo mumalipeza pa njira zonse ziwiri. Musakhumudwe ngati kuyaka koyamba sikukusonyeza kusintha, chifukwa cache imayamba yopanda kanthu ndipo imadzaza pang'onopang'ono pamene ikuphunzira zimene mumatsegula kawirikawiri. Musaiyesenso pokopera filimu yaikulu, poti mafayilo otere hadi disiki imawawerenga mondondozana popanda vuto, ndipo cache siwathandiza kwenikweni.

Funso: Akonzi, ndinamva kuti flash ya USB ikhoza kuwonjezera memore ya laputopu kudzera pa ReadyBoost. Ndalowetsa flash ya 16 GB, koma Windows ikunena kuti chipangizochi sichingagwiritsidwe ntchito. Ndikulakwitsa pati?

Yankho: Choyamba, ReadyBoost siwonjezera RAM, ngakhale anthu ambiri amaifotokoza choncho. Imangopanga fayilo yotchedwa ReadyBoost.sfcache pa flash yanu n'kumasungamo deta imene ikanawerengedwa pa hadi disiki. Microsoft inaibweretsa ndi Windows Vista, nthawi imene makina ambiri anali ndi RAM ya 512 MB kapena 1 GB, ndipo pa makina otere inkathandizadi. Windows isanavomere flash imaiyesa kaye, ndipo chimene imayang'ana si kukula kwake koma liwiro lake pa tizidutswa tating'ono tomwazikana: imafuna 2.5 MB pa sekondi powerenga tizidutswa ta 4 KB, ndi 1.75 MB pa sekondi polemba tizidutswa ta 512 KB. Flash zambiri zimathamanga pokopera fayilo imodzi yaikulu koma zimalephera mayeso amenewa. Lowetsani flash mwachindunji m'laputopu, osadzera pa hub (kachipangizo kochulukitsa madoko a USB), kenako dinani Test again pa tsamba la ReadyBoost mu Properties. Ikakanabe, tsegulani services.msc muone ngati SysMain, pulogalamu ya mkati mwa Windows imene kale inkatchedwa Superfetch, ikugwira ntchito, chifukwa ReadyBoost imadalira imeneyo ndipo anthu ena amaizimitsa potsatira malangizo ofulumizitsira makina. Ikavomera koma n'kukulolani 4 GB yokha, ndiye kuti flash ili pa FAT32, njira yosanjira mafayilo imene silola fayilo yoposa pamenepo. Ikonzeni kukhala exFAT kapena NTFS mutasunga kaye mafayilo anu kwina.

Ngati Windows yanu ili pa SSD, makina adzakana ReadyBoost dala, chifukwa disiki yanu imathamanga kale kuposa flash ya USB, ndipo pa Windows 11 kuyambira pa mtundu wa 22H2 tsamba la ReadyBoost linachotsedwa. Ngakhale pamene ikugwira ntchito, makina okhala ndi RAM ya 4 GB kapena kuposerapo sasintha mooneka, ndipo flash yotuluka m'mbali mwa laputopu yoyenda nayo imathyola doko la USB mosavuta.

Funso: Laputopu yanga ili ndi hadi disiki ya 1 TB ndi Intel Optane ya 16 GB, kadisiki kogwira ntchito ya cache. Ndikufuna kuchotsa Optane kuti m'malo mwake ndiikemo SSD yaikulu. Kodi ndingangotsegula makina n'kuzula?

Yankho: Ganizo losinthalo ndi labwino, chifukwa Windows ikakhala yonse pa SSD simufunikanso cache iliyonse, ndipo Intel inalengeza mu 2022 kuti ikutseka bizinesi ya Optane. Koma musazule musanazimitse. Optane, imene inafika pamsika mu 2017 ndipo imagwiritsa ntchito memore ya 3D XPoint m'malo mwa flash wamba, imamangidwa pamodzi ndi hadi disiki kukhala ngati disiki imodzi, moti deta ina imakhala pa Optane pokha. Sungani kaye mafayilo anu pa disiki ina, ndipo ngati BitLocker, njira ya Windows yokhomera deta pa disiki, ndi yoyatsidwa lembani kiyi yake ya manambala 48 pa pepala, popeza kusintha zida kapena BIOS kungachititse makina kuifunsa. Kenako tsegulani pulogalamu ya Intel Optane Memory and Storage Management, kapena Rapid Storage Technology ngati ndi imene ilipo, musankhe Disable, ndipo mudikire laputopu ili pa chaja mpaka deta yonse itabwerera pa hadi disiki. Makina akayakanso n'kuonetsa madisiki awiri osiyana mu Disk Management, zimitsani, chotsani chaja, masulani kasikuluwu kamodzi kogwira Optane pa malo ake olowetsera otchedwa M.2 n'kuikapo SSD yanu, imene iyenera kukhala ya mtundu wa NVMe pokhapokha buku la makinawo likunena kuti malowo amalandiranso SATA. Ngati poika Windows SSD yatsopanoyo siikuoneka, musaganize kuti ndi yowonongeka. Koperani driver ya Rapid Storage Technology pa flash yoikira Windows, n'kuisankha podina Load driver pa sikirini yosankha disiki.