Timiyala tofiirira ta mu mtsinje: kodi ndi sandstone?

Mayi wina wa ku Rumphi watilembera kuti mwana wawo anatola timiyala tobulungira, tofiirira, mu mtsinje kumunsi kwa Livingstonia, ndipo aphunzitsi akuti ndi sandstone. Akufuna kudziwa mmene angatsimikizire.

Mayi, musadalire mtundu. Kufiirako ndi dzimbiri la chitsulo, ndipo miyala yambiri imakhala nalo. Sandstone ndi mchenga umene unakwiririka, n'kupanikizika mpaka kumatana, choncho chimene mukusaka ndi tinjere ta mchengawo, tosapitirira mamilimita 2.

Vuto la mwala wa mu mtsinje ndi loti madzi anausalaza kunja. Ukulungeni m'kansanza kuti tizidutswa tisakuthethekereni m'maso, muuswe ndi hamala, ndipo muone pamene pasweka. Pakakhala pokhakhala ngati sandipepa, mchenga n'kumayoyoka mukapakanda ndi msomali, ndi sandstone ndithu. Pakakhala ponyezimira ngati botolo losweka, ndi quartzite: poyamba anali sandstone, koma kutentha ndi kupanikizika pansi pa nthaka kunalumikiza tinjere, moti umasweka modula tinjere tomwe m'malo mosweka m'mbali mwake. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Nsangalabwi yoyera ija ilibiretu tinjere.

Kukanda galasi sikuthandiza kwenikweni, chifukwa miyala itatu yonseyi ili ndi quartz, chinthu cholimba kuposa galasi, ndipo imakanda. Bola kudontheza madzi pamene pasweka, mwalawo utauma. Sandstone wambiri amamwa dontho, quartzite samwa. Vinega akachita timathovu, ndiye kuti chomata tinjere ndi calcite, wa mtundu wa laimu. Akapanda kuchita thovu musautaye mwalawo, chomata chikhoza kukhala silica (chimene chimapanga quartz) kapena chitsulo.

Malo amene mwana wanu anautola akugwirizana ndi zimene aphunzitsi anena. Gawo lalikulu la Malawi ndi miyala yakale kwambiri monga gneiss, moti wa ku Lilongwe tikanamuuza kuti akayikire. Koma dera la Livingstonia lili ndi miyala ya Karoo, imene inayamba kuyalana zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo kuchokera ku mchenga ndi matope a mitsinje ndi madambo. Malasha a ku Mchenga ali m'miyala yomweyi, chimodzimodzinso uranium ya ku Kayelekera m'boma la Karonga. Mukaona timizere topyapyala m'kati mwa mwala wanu, ndi mmene mchenga unkayalirana pansi pa madzi nthawi imeneyo. Kubulungira kokha ndi kwa posachedwa, ndi ntchito ya mtsinje wa lero.