Madzi a vanila ndi ufa wake: yambani ndi botolo

Mwafunsa ngati zitheba za vanila zimene mwagula zingakupatseni zonse ziwiri, madzi onunkhiritsira makeke komanso ufa. Zingathe ndithu, koma yambani ndi madziwo chifukwa ndi amene amatenga nthawi.

Pezani botolo lagalasi lotseka bwino ndi vodka ya mphamvu ya 35 mpaka 40 peresenti. Vodka ilibe fungo lophimba vanila, n'chifukwa chake ambiri amaikonda. Pa mamililita 250 a vodka ikani magalamu 25 a zitheba m'botolomo. Yezani pasikelo, osangowerenga, poti zitheba zimasiyana kukula. Ng'ambani chilichonse m'litali kuti tinjere takuda ta m'katimo tituluke, ndipo onetsetsani kuti zonse zamira. Kansonga kotsalira pamwamba kangachite nkhungu. Sungani pamalo amdima, muzikhutchumula kamodzi pa sabata. Ena amatsegula pakatha masabata 8, koma kwa ine kumeneko n'kupupuluma. Pa miyezi 6 m'pamene fungo limakhwima bwino. Ngati mowa simuufuna, glycerin wa zakudya amagwira ntchito m'malo mwa vodka, ngakhale fungo limatuluka lofooka.

Za ufa n'zosavuta. Umitsani zitheba mu uvuni pamoto wochepa kwambiri mpaka zizithyoka ngati kamtengo, zikazizira muzigaye m'makina ogayira khofi, kenako musefe. Zikapanda kuumitsitsa zimangomatirira m'makinamo. Zimene mwavuula m'botolo mungaziumitsenso n'kuzigaya, kungoti ufa wake sununkhira ngati wa zatsopano, ndiye muzithira wochulukirapo.