Masilaidiwo musachotse makatoni ake

Achemwali, mwafunsa za masilaidi a agogo anu amene afiira, timafilimu ta zithunzi tokhala m'timafelemu ta makatoni toonetsa pa pulojekita. Musathamangire nawo ku situdiyo, ndapota nanu. Kufiirako si litsiro ndipo sikungachoke ndi kupukuta. Ine ndinapsa nazo kale.

Bambo anga ankagwira ntchito ya zankhalango. Atamwalira tinapeza bokosi la masilaidi a mapiri a Ndirande, Soche ndi Zomba, mitengo idakali yowirira. Mphwanga wa ku koleji ankalemba za kutha kwa nkhalango, ndiye tinati tiwaike pa kompyuta kuti afanizire ndi mmene mapiriwo alili lero. Ndinakasiya bokosi lonse kwa mnyamata wina wa situdiyo m'tauni. Tsiku lokatenga, akundipatsa fulashi ndi kajumbo. Kutsegula kajumboko, timafilimu tokhatokha, tomatirirana, topanda makatoni. Ndafunsa makatoni ali kuti, akuti "amakana kulowa m'makina ndiye tinataya, madala." Anataya! Pomwe panali zolemba za bambo, dzina la phiri, mbali yomwe anaima pojambula. Kuwonjeza apo anapukuta ndi nsalu yonyowa poti panali chuku, ndipo chithunzi china cha Ndirande chinasupuka pakati penipeni. Miyendo inazizira, ndinangokhala pa benchi yawo. Iye ali phee, kudikira ndalama zake zonse, ati ntchito wagwira. Mpaka lero ndikadutsa pakhomopo mtima umawawa. Munthu wosadziwa ntchito bwanji osangonena kuti izi sindizitha?

Pa makatoni ambiri a kampani ya Kodak pankadindidwa mwezi ndi chaka chomwe filimuyo inatsukidwa. Si tsiku lojambula, koma wofufuza amayambira pamenepo. Mphwanga anatsala ndi mapiri okongola osadziwika chaka, ndipo aphunzitsi ake anati chithunzi chopanda chaka si umboni.

Yang'anani dzina la mtundu wa filimu pakatonipo. Ngati ndi Kodachrome, imene inatuluka mu 1935 ya kanema ndipo mu 1936 ya masilaidi, mupeza kuti mitundu idakalipo bwino, chifukwa utoto wake unkalowetsedwa potsuka ndipo umapirira ukasungidwa mumdima. Ofiirawo kawirikawiri amakhala Ektachrome akale, omwe anayamba mu 1946, kapena mitundu ina ngati Agfa. Utoto wobiriwira mopita ku buluu ndiwo umayamba kuzilala, n'kutsala kufiirako. Henry Wilhelm, yemwe anatulutsa buku lalikulu la kukhalitsa kwa zithunzi zamitundu mu 1993, anasonyeza chodabwitsa: Kodachrome yomweyo yolimba mumdima ndiyo imazilala msanga ikamawalitsidwa pa pulojekita. Ndiye musati poti pulojekita ya agogo ikuyakabe muzionetsa abale madzulo alionse. Ndipo mukapeza filimu ya Kodachrome yosatsuka, iwalani za mitundu: Kodak inasiya kuipanga mu 2009, ndipo malo omaliza otsukira, Dwayne's Photo ku Kansas, ku America, anasiya kumapeto kwa 2010.

Malangizo anga, zoyambazi musapatse munthu aliyense, zichiteni nokha. Jambulani katoni iliyonse ndi foni mbali zonse ziwiri, ikani manambala, gwirani m'mphepete mokha, fumbi muzichotsa ndi kopopera mpweya, madzi ayi. Sungani pouma ndi pozizira, osati kudenga kapena pansi pa bedi nthawi ya dzinja, poti chuku chimadya mbali yomwe kuli chithunziyo. Komabe kusikana kwenikweni nokha simungathe, foni siitulutsa zonse zili m'kafilimu ka 35mm. Pezani wa situdiyo ndithu, koma mukhale pomwepo akamagwira, ayambe ndi awiri osafunikira kwenikweni. Mumuuze azimitse chochotsera fumbi cha m'makina osikanira chotchedwa infrared akamasikana Kodachrome chifukwa chimasokoneza chithunzi, ndiponso akupatseni fayilo yosakonza pambali pa yokonza mitundu. Akangotchula zochotsa makatoni, nyamulani bokosi lanu.