Khoma lija linali lenileni, koma munthuyo si Chaplin

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Zomba. Akuti mwana wawo anawaonetsa kavidiyo pa foni: munthu wangoima panja chimphepo chili wii, khoma lonse la nyumba n'kumugwera, iye n'kutulukira pawindo ali bwinobwino. Funso lawo linali lakuti, "Kodi ameneyu ndi Charlie Chaplin? Nanga zinachitikadi kapena n'zapakompyuta?"

Bambo, si Chaplin. Ifetu wanthabwala aliyense wa m'mafilimu akale opanda mawu timangoti Chaplin, monga mankhwala alionse otsukira mano amasandukira Colgate. Ameneyu ndi Buster Keaton, ndipo filimuyo ndi Steamboat Bill, Jr. ya mu 1928. Nthawi imeneyo kompyuta kunalibe. Khomalo linali lamatabwa, lolemera pafupifupi matani awiri, ndipo windolo linangoposa mapewa ake pang'ono. Akanati asunthe phazi, maliro.

Mtima woterewu anayamba nawo kalekale. Keaton anabadwa pa 4 October 1895 ku Piqua, m'chigawo cha Kansas ku America, makolo ake ali paulendo wochita zisudzo. Asanafike n'komwe msinkhu wa sukulu analowa m'sewero la banja lawo, The Three Keatons. Sewerolo linali lotere: mwana achita mwano, bambo ake, Joe, amunyamula n'kumuponya kutali ngati thumba la madeya. Anachita kumusokerera chogwirira cha sutikesi pachovala kuti azigwirika bwino poponyapo. Oona za ufulu wa ana ku New York ankalimbana nalo banjali, ndipo ine sindiwadzudzula. Koma m'menemo ndi momwe mnyamatayo anaphunzira kugwa osavulala. Anazindikiranso kuti akaseka iye, anthu saseka kwenikweni, koma akadzuka nkhope ili gwa ngati palibe chachitika, holo yonse imafa nacho chikhakhali. Kuyambira pamenepo anasiya kumwetulira pa siteji, mpaka anamupatsa dzina loti The Great Stone Face, kunena nkhope yamwala.

Mu 1917 anakumana ndi wanthabwala wa m'mafilimu Roscoe Arbuckle ku New York, n'kuoneka koyamba m'filimu ya The Butcher Boy. Pofika 1920 Joseph Schenck, mkulu wopanga mafilimu, anali atamupatsa situdiyo yakeyake, ndipo zaka zisanu ndi zitatu zotsatira ndiye panatuluka zonse zimene timamukumbukira nazo.

Anthu ambiri sadziwa kuti pojambula Sherlock Jr. mu 1924, madzi a m'thanki yothirira sitima anamukankha mwamphamvu n'kumumenyetsa panjanji. Anadzuka, n'kupitiriza ntchito, mutu ukumuwawa kwa masiku. Patapita zaka zambiri dokotala atamuunika ndi X-ray, anamuuza kuti fupa la m'khosi linathyokapo. M'filimu ya The General ya 1926 anafuna kuti sitima igwe pamlatho woyaka moto. Anatenga injini yeniyeni, pafupi ndi Cottage Grove ku Oregon, n'kuigwetsera mumtsinje makamera akujambula. Zidutswa zake zinakhala momwemo mpaka nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pomwe anazitola ngati zitsulo zakutha. Lero filimuyi imatamandidwa kwambiri, koma panthawiyo sinabweze bwino ndalama.

Mudzamva ena akunena kuti Keaton anatha chifukwa mafilimu anayamba kulankhula. Ine ndimakana. Mawu anali nawo abwino, ndipo mafilimu ake oyamba olankhula anapanga ndalama. Chinamupweteka n'chakuti mu 1928 anasiya situdiyo yake n'kulowa ganyu ku kampani yaikulu ya mafilimu ya MGM, ngakhale anthabwala anzake Chaplin ndi Harold Lloyd anamuchenjeza. Kumeneko ankamupatsa nkhani yolembedwa kale, nthabwala zake zimayenera kuvomerezedwa ndi mabwana, ndipo zoopsa zija anayamba kumuletsa. Munthu amene ankapeka zinthu ali pamalo pomwepo ndi anzake anasanduka wongouzidwa. Chaplin, yemwe anali ndi situdiyo yake ndi ndalama zake, anapitirizabe kupanga mafilimu osalankhula mpaka Modern Times mu 1936. Keaton mowa unamulowa, banja lake ndi Natalie Talmadge linatha mu 1932, ndipo mu 1933 MGM inamuchotsa ntchito. Kenako anabwererako n'kumapekera anzake nthabwala, a Marx Brothers ndi Red Skelton, pamalipiro ochepa.

Sanafere m'manyazi ai. Mu 1940 anakwatira Eleanor Norris, yemwe anamuthandiza kukhazikika. Wailesi yakanema inamudziwitsa kwa mbadwo wina, mu 1952 anaonekera limodzi ndi Chaplin m'filimu ya Limelight, ndipo mu 1960 analandira mphoto yaulemu ya Oscar. Anamwalira ndi khansa ya m'mapapo pa 1 February 1966 ku California.

Ngati mwana wanuyo ali ndi bandulo, muuzeni afufuze filimu ya One Week ya 1920. Ndi yamphindi pafupifupi 20 basi. Keaton ndi mkazi wake apatsidwa mphatso yaukwati, nyumba ya m'mabokosi yoti amange okha potsata manambala, ndiye mnyamata amene anakanidwa ndi mkaziyo wapita mwakachetechete n'kusintha manambalawo.