Mwana wanu wa pa thilu sanasochere

Mayi wina wa ku Kapata, muno mu Chipata, wandilembera kuti: "Mwana wanga wamkazi anakhoza bwino giredi 12, koma ndalama za koleji zinasowa. Watha chaka ndi theka akugwira pa thilu m'sitolo ina yaikulu muno m'tauni. Tsopano akuti akufuna kukaphunzira Information Systems. Kodi si zokonza makompyuta owonongeka zimenezi? Muli chakudya m'menemo?"

Amayi, okonza makompyuta ndi ena. Ntchito imene mwana wanu akuiloza ndi yoima pakati pa eni sitolo ndi olemba mapulogalamu: kumva zimene sitolo ikufuna, n'kuzilemba momveka kuti makina azichite. M'malonda a ntchito mudzaiona ikutchedwa systems analyst kapena business analyst.

Titsate paketi imodzi ya sopo. Mwana wanu akaiyendetsa pa kagalasi kaja, makina amawerenga timizere takuda, timene kawirikawiri timaimira manambala 13. Timizereto sitinena mtengo ayi, timangouza kompyuta kuti katunduyu ndi uti. Kompyuta ndiyo imapeza mtengo, imawerengera msonkho wa VAT wa 16 peresenti, imachotsa paketi imodzi pa zotsala, ndipo zikachepa imaitanitsa zina. Koma zichepe kufika pati? Lole yochokera ku Lusaka iyenera kuyenda makilomita oposa 550 pa Great East Road, kuwoloka Luangwa, isanafike ku Chipata. Mukaitanitsa mochedwa, mashelefu ali mbee. Mukafulumira, ndalama zagona m'makatoni. Ndiye kuno malonda sayenda mofanana chaka chonse. Alimi akagulitsa chimanga, soya ndi nsawawa, m'sitolo simupondeka. Mu Januwale ndi makope ndi polishi. Kumapeto kwa Febuluwale, Nc'wala ya ku Mtenguleni imadzaza tauni ndi alendo. Kompyuta sidziwa Nc'wala pokhapokha munthu ataiuza.

Zofuna za sitolo zimasinthanso ndi malamulo. Pa 1 Januwale 2013 kwacha inachotsedwa maziro atatu, ndipo mtengo uliwonse m'makina unayenera kusintha. Mu 2024 ZRA, bungwe lotolera misonkho, inabweretsa Smart Invoice, yoti malisiti a olembetsa VAT azifika ku ofesi ya msonkho kudzera pa intaneti. Chaka chomwecho madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri. Thilu izitani netiweki ikagwa anthu ali pamzere? Palinso lamulo la 2021 loteteza zinsinsi za anthu, lokhudza manambala a foni amene masitolo amasunga. Chilichonse cha izi chimafuna munthu wokhala pansi n'kulemba kuti makina azichita chakuti, asachite chakuti.

Apa ndi pamene mwana wanu waposera anzake ochokera kusukulu mwachindunji. Akudziwa chifukwa chake wa pa thilu sangafufute yekha chimene walowetsa, mpaka aitane supavaiza. Waona mtengo wa pashelefu ukusiyana ndi wa pa thilu, kasitomala n'kukalipira iyeyo. Zimenezi m'kalasi amaziwerenga m'buku.

Digiri ya makompyuta angaipeze ku UNZA, ku Copperbelt University ku Kitwe kapena ku Mulungushi ku Kabwe. Dipuloma ku Evelyn Hone ku Lusaka. Masamu ndi Chingerezi zikhale pakati pa makirediti asanu. Za ndalama, afunse ngongole ya HELSB, bungwe la boma lobwereketsa ophunzira ndalama, komanso thandizo la CDF, thumba la chitukuko cha m'dera, ku khonsolo ngati asankha maphunziro a luso. Koleji iliyonse yapadera, musalipire ngwee musanaone kuti inalembetsedwa ku TEVETA kapena ku Higher Education Authority, mabungwe a boma olembetsa makoleji. Akamaliza adzalembetse ku ICTAZ, bungwe la ogwira ntchito zimenezi.

Sindikubisirani chimodzi. Masitolo aakulu amaganiza zinthuzi kulikulu kwawo: Shoprite likulu lake lili ku Cape Town, Choppies ku Gaborone, ndipo maofesi a m'dziko muno ali ku Lusaka. Ku nthambi ya Chipata ntchito zoyambira ndi zolandira katundu ndi kuyang'anira sitoko. Mwina adzasamuka. Komabe mahosela a ku Down Shops ndi ogulitsa feteleza a ku Katete ndi Petauke nawonso akufuna wowakonzera kawerengedwe ka katundu.

Ndikadakhala inu, sindikadamulola kusiya ntchito msanga. Apemphe manijala amusamutsire kumbuyo kolandirira katundu, adzipereke usiku wowerenga sitoko umene ena amauthawa, ndipo madzulo aziphunzira Excel, pulogalamu yowerengera manambala, ndi SQL, njira yofufuzira zosungidwa m'kompyuta. Agulenso kope, azilembamo chilichonse chimene makina a m'sitolomo alakwitsa, tsiku lake ndi chimene akuganiza kuti chachititsa. Kopelo adzapite nalo ku intavyu.