Musasayinire kuti khodi yonse ndi yanu pamene mbali ina ili ndi laisensi ya GPL

Mayi ena amene amalemba mapulogalamu a kompyuta paokha, osati molembedwa ntchito ndi kampani, anditumizira imelo yokhala ndi funso limene ndaona kuti ndiliyankhe poyera, chifukwa vuto lawoli lili m'mapulogalamu ambiri amene eni ake sanalizindikire. Mayiwa anakonzera kasitomala wawo pulogalamu yowerengera katundu ndi kutulutsa malisiti, ndipo pofuna kuti malisitiwo azituluka ngati mafayilo a PDF, anatenga pa GitHub (webusaiti imene olemba mapulogalamu amaikapo ntchito zawo) laibulale, kutanthauza chigawo cha pulogalamu chokonzedwa kale ndi munthu wina, n'kuilumikiza ndi khodi yawo, ndiye kuti mizere ya malangizo imene imapanga pulogalamuyo. Ntchitoyo inayenda bwino moti kasitomalayo tsopano akufuna kugulitsa pulogalamuyo kwa amalonda ena, ndipo watumiza mgwirizano woti usayinidwe. Mgwirizanowo ukunena kuti umwini wonse ukupita kwa kasitomala, kuti khodi isaonetsedwe kwa wina aliyense, ndiponso kuti mayiwa akutsimikiza kuti chilichonse chimene chili m'pulogalamumo analemba okha. Atabwerera kukaona laibulale ija, apeza kuti ili ndi laisensi ya GPL (General Public License), chilolezo chonena momwe ena angagwiritsire ntchito khodiyo. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndisayinire? Zinthu za pa GitHub si zaulere kodi, nanga ndani angadziwe?"

Mayi, yankho langa ndi lakuti musasayinire mgwirizanowo momwe ulilimu. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri si GPL ayi, koma chiganizo chija chimene mukutsimikiza kuti zonse munalemba nokha. Inu mukudziwa kale kuti zimenezo si zoona, ndipo tsiku limene nkhaniyi idzaululike, kasitomala wanu sadzalimbana ndi mwini laibulale yekha, koma adzabwera kwa inu atanyamula pepala lokhala ndi siginecha yanu. Mapangano otere kawirikawiri amakhalanso ndi ndime yonena kuti wolemba pulogalamu adzabweza ndalama zonse zimene kasitomala angataye chifukwa cha mlandu wa umwini, choncho onetsetsani ngati ndimeyo mulibe m'pepala lanulo.

Maganizo oti chinthu chikapezeka pa intaneti ndiye kuti chilibe mwini ndi amene amatigwetsera m'mavuto. Pangano la mayiko la ku Berne, limene linakhazikitsidwa mu 1886 ndipo mayiko ambiri a dziko lapansi analowamo, limanena kuti umwini wa cholembedwa umayamba popanda kukalembetsa kulikonse, ndipo nthawi zambiri umatetezedwa moyo wonse wa wolembayo kuphatikizapo zaka zosachepera 50 iye atamwalira. Pangano la TRIPS la mu 1994 linanena mosabisa kuti mapulogalamu a kompyuta amatetezedwa mofanana ndi zolembedwa zina. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu akangolemba khodi, khodiyo ndi yake, ndipo kuiika pa GitHub sikumulanda umwiniwo. Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti khodi imene ilibe laisensi iliyonse ndiyo yoopsa kuposa zonse, chifukwa mwini wake sanakupatseni chilolezo choti muiike m'pulogalamu yanu n'kuigawira ena. Laisensi ndiyo imakutsegulirani khomo, ndipo mumalowa potsatira zimene mwini wake wanena.

Lamulo lomwelo ndi limene likukutetezani inuyo. M'mayiko ambiri, zimene munthu wolembedwa ntchito walemba pogwira ntchito yakeyo zimakhala za womulemba ntchito, koma zimene munthu wodziimira payekha walembera kasitomala zimakhalabe zake mpaka atasamutsa umwiniwo, ndipo m'mayiko ngati United Kingdom ndi United States kusamutsako kumayenera kulembedwa ndi kusayinidwa. N'chifukwa chake kasitomala wanu wakutumizirani pepalalo, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Mungathe kumupatsa umwini wa mizere imene munalemba inu, koma simungamupatse umwini wa laibulale ija chifukwa sinakhalepo yanu.

Tsopano tione chimene GPL imafuna, pakuti ambiri amaiopa asanaiwerenge. Malaisensi ena, monga MIT ndi BSD, amakulolani kuchita chilichonse ndi khodiyo, ngakhale kuiika m'pulogalamu yotseka (yobisa khodi yake) imene mukugulitsa, bola musachotse dzina la mwini wake ndi mawu a laisensiyo. Apache 2.0, imene inatuluka mu 2004, ndi yofanana ndi amenewa kupatula kuti imanenanso za mapatenti (umwini wa luso latsopano limene munthu watulukira) ndi zina zing'onozing'ono. GPL ndi yosiyana, ndipo inapangidwa dala kuti ikhale yosiyana. Richard Stallman anatulutsa mtundu wake woyamba mu 1989, wachiwiri mu 1991, ndipo wachitatu unabwera mu 2007. Mfundo yake ndi yakuti ufulu umene inu mwalandira, wowerenga khodi, kuisintha ndi kuigawira ena, muupereke womwewo kwa aliyense amene mwamupatsa pulogalamuyo. GPL sikuletsa kugulitsa. Mungathe kulipiritsa ndalama zilizonse zimene mukufuna. Chimene imaletsa ndi kupereka pulogalamu yopangidwa kuchokera ku khodi ya GPL n'kumubisira wolandirayo khodi yake, kapena kumuletsa kuti asaigawire ena. Apa ndi pamene zofuna za kasitomala wanu zikuwombana ndi laisensiyo, chifukwa iye akufuna kugulitsa chinthu chotseka chimene ogula sangachione m'kati kapena kuchipatsira anzawo.

Pali mfundo ziwiri zimene ziyenera kumveka bwino pamenepa. Yoyamba ndi yakuti udindo wa GPL umayamba pulogalamu ikaperekedwa kwa munthu wina. Kampani imene yasintha khodi ya GPL n'kumaigwiritsa ntchito m'kati mwake mokha sikakamizidwa kuonetsa aliyense zimene yasintha. Ngakhale amene akuyendetsa pulogalamu pa seva yake (kompyuta yotumikira anthu kudzera pa intaneti), anthu n'kumangoigwiritsa ntchito kudzera pa intaneti osalandira kope lake, GPL wamba sikumukakamiza kutulutsa khodi. Mpata umenewu ndi umene laisensi ya AGPL inabwera kudzatseka, choncho werenganinso fayilo ya laisensi ija mosamala, muone ngati zilembo zake ndi GPL, LGPL kapena AGPL. Chilembo chimodzicho chimasintha zambiri: LGPL inapangidwira malaibulale, ndipo imalola pulogalamu yotseka kuti iigwiritse ntchito malinga ngati wogula angathe kusintha laibulaleyo kapena kuikapo ina, pomwe AGPL ndi yokhwima kuposa GPL. Malaibulale ena otchuka okonzera mafayilo a PDF, monga iText ndi Ghostscript, ali pa AGPL, ndipo n'chifukwa chake ndikuumirira kuti mubwerere mukawerengenso.

Mfundo yachiwiri ndi ya kalumikizidwe. Bungwe la Free Software Foundation, limene limasindikiza GPL, limanena kuti mukalumikiza laibulale ya GPL ndi khodi yanu n'kukhala pulogalamu imodzi, pulogalamu yonseyo iyenera kuperekedwa pansi pa GPL. Maloya ena amatsutsa zimenezi pa mitundu ina ya kalumikizidwe, ndipo mtsutsowo wakhalapo kwa zaka zambiri. Malangizo anga ndi akuti munthu wogwira ntchito payekha asaike tsogolo lake pa mbali ya mtsutso imene ikumukomera, chifukwa ngakhale atakhala kuti akulondola, ndalama zokatsimikizira zimenezo kukhoti alibe.

Mwafunsa kuti ndani angadziwe. Pulogalamu imadziulula yokha kuposa momwe timaganizira. Tsegulani limodzi la malisiti anuwo, muone zimene fayilo ya PDF imanena za iyo yokha. Nthawi zambiri pamakhala mzere wotchula pulogalamu imene inapanga fayiloyo, ndipo malaibulale ambiri amalemba dzina lawo pamenepo. Ngati zili choncho, lisiti lililonse limene amalondawo angatumize kwa makasitomala awo lidzakhala likulengeza chimene inu mukufuna kubisa. Mauthenga amene pulogalamu imatulutsa ikalakwitsa, mayina a mafayilo, ndi mawu otsalira m'pulogalamu yomalizidwa kale, zonsezi zimaoneka kwa munthu amene akudziwa poyang'ana. Ndipo kampani ikafuna kugulidwa kapena kulandira ndalama za oikamo chuma, khodi yake imapimidwa ndi zida zofufuzira malaisensi, ndipo pamenepo ndi pamene zobisika zambiri zimatulukira.

Zimenezi zinachitikapo kale. Mu 2003 anthu anazindikira kuti router (chipangizo chogawira intaneti) ya kampani ya Linksys yotchedwa WRT54G inkayendera pulogalamu ya Linux, imene ili pa GPL, koma khodi yake sinaperekedwe. Atapanikizidwa, eni ake anaitulutsa, ndipo pa khodi imeneyo ndi pamene panayambira OpenWrt, pulogalamu yaulere yoyendetsera ma router, mu 2004. Chaka chomwecho khoti la ku Munich linagamula mokomera Harald Welte, mmodzi wa olemba khodi ya Linux, pa mlandu wake ndi kampani ya Sitecom, kusonyeza kuti GPL ili ndi mphamvu pamaso pa lamulo. Mu 2008, pa mlandu wa Jacobsen ndi Katzer wokhudza pulogalamu yoyendetsera tisitima toseweretsa, khoti la apilo ku United States linanena kuti kuphwanya zofunika za laisensi yotseguka kungakhale kuphwanya lamulo la umwini, ngakhale khodiyo inaperekedwa popanda malipiro. Nkhani yofanana kwambiri ndi yanu ndi ya Artifex, eni ake a Ghostscript, amene mu 2016 anasumira kampani ya ku South Korea ya Hancom chifukwa chogwiritsa ntchito Ghostscript m'mapulogalamu ake popanda kutulutsa khodi komanso popanda kugula laisensi yamalonda. Khoti linakana kuthetsa mlanduwo mu 2017, ndipo mbali ziwirizo zinamvana kunja kwa khoti.

Komabe sindikufuna kuti mantha a khoti akhale chifukwa chokha. Munthu amene analemba laibulale ija anakupulumutsirani masabata a ntchito, sanakupempheni ndalama, ndipo anapempha chinthu chimodzi chokha: kuti chimene mwamanga pa ntchito yake musachitsekere ena. Ena amaona pempho limeneli ngati msampha, koma ine ndimaliona ngati mtengo wolembedwa poonekera, umene munthu ali ndi ufulu wouvomera kapena kupita kwina. Ife olemba mapulogalamu timadandaula kwambiri kasitomala akatenga ntchito yathu n'kukana kulemekeza zimene tinagwirizana, ndipo dandaulo limenelo limafooka ngati ifenso tikuchitira anzathu zomwezo chifukwa choti ali kutali ndipo sitidzaonana nawo maso ndi maso.

Chimene ndingachite nditakhala inu ndi kuyamba ndi kalembera wa zonse zimene zili m'pulogalamuyo. Tsegulani fayilo imene imatchula malaibulale anu, kaya ndi package.json, requirements.txt kapena pom.xml, ndipo musalekere pa amene munasankha nokha, chifukwa laibulale iliyonse imakoka anzake ndipo ena mwa iwo simunawaonepo. Lembani dzina la iliyonse, mtundu wake ndi laisensi yake. Musaiwale tizidutswa timene munakopera pa Stack Overflow, webusaiti ya mafunso ndi mayankho ya olemba mapulogalamu, pakuti zolembedwa za pamenepo zili pa laisensi ya Creative Commons imene imafuna kutchula mwini wake ndi kugawa mofanana.

Mukatero, muli ndi njira zitatu, ndipo siziri zolemera mofanana. Yophweka kwambiri nthawi zambiri ndi kuchotsa laibulale ya GPL n'kuikapo ina ya MIT, BSD kapena Apache. Ngati ntchito yake ndi kutulutsa malisiti kokha, mbali imene muyenera kulembanso ndi yochepa. Chenjerani kuti kuchotsa kukhale kuchotsadi, chifukwa kukopera khodi ya laibulaleyo n'kungosintha mayina a zinthu ndi kukopera komwe. Njira yachiwiri ndi kufunsa eni laibulaleyo ngati amagulitsa laisensi yamalonda, monga amachitira a iText ndi a Artifex, ndipo mtengo wake ulowe m'mawerengero a kasitomala. Yachitatu ndi kutsatira GPL ndi mtima wonse, kugulitsa pulogalamuyo pamodzi ndi khodi yake, ndalama n'kumazipeza pa kuika pulogalamu, kuphunzitsa anthu ndi kukonza zovuta. Njira imeneyi imagwira ntchito kwa makampani ena, koma wosankha ndi kasitomala, osati inu mobisa.

N'chifukwa chake muyenera kumuuza kasitomala wanu tsopano, polemba, mgwirizano usanasayinidwe. Muuzeni kuti pulogalamuyo ili ndi laibulale yakutiyakuti, kuti laisensi yake sikugwirizana ndi kugulitsa pulogalamu yotseka, ndipo njira zimene zilipo ndi izi pamodzi ndi nthawi imene iliyonse ingatenge. Pemphani kuti chiganizo chija chisinthidwe kuti chinene kuti mukusamutsa umwini wa khodi imene munalemba inu, ndipo zigawo zochokera kwa ena zalembedwa pa mndandanda wophatikizidwa ku mgwirizanowo pamodzi ndi malaisensi ake. Loya wa m'dziko lanu awerenge pepalalo musanalisayinire, makamaka ndime ya kubweza ndalama ija, chifukwa malamulo a mapangano amasiyana dziko ndi dziko ndipo zimene ndalemba pano ndi maganizo a mnzanu pa ntchito. Ngati kope lina laperekedwa kale kwa ogula, fulumirani: mtundu wachiwiri wa GPL umathetsa chilolezo chanu nthawi yomweyo mukauphwanya, pomwe wachitatu umapatsa munthu wolakwa koyamba masiku 30 oti akonze atalandira chidziwitso kuchokera kwa mwini khodi.

Pa nkhani ya amene alipire ntchito yosinthayo, zikutengera zimene munagwirizana poyamba. Ngati kasitomala anakutumani pulogalamu yogwiritsa ntchito pa bizinesi yake yokha, ndipo maganizo ogulitsa abwera pambuyo pake, ndiye kuti kuikonzekeretsa kuti igulitsidwe ndi ntchito yatsopano imene muyenera kulipidwa, ndipo umwini umene mukusamutsawo nawonso uli ndi mtengo wake, wosiyana ndi malipiro a ntchito yoyamba. Koma ngati anakuuzani kuyambira pachiyambi kuti cholinga chake ndi kugulitsa pulogalamu yotseka, kusankha laibulale yoyenera kunali mbali ya ntchito yanu, ndipo n'koyenera kuti muisinthe popanda kumulipiritsanso.