Captcha inandithamangitsira alendo a Khirisimasi

Achimwene, musanakhudze chilichonse pa fomu ya webusaiti yanuyo, yambani mwaika Flamingo, pulagini yosunga uthenga uliwonse wobwera pa fomu. Nditangoona mwatchula Contact Form 7, pulagini yopangira mafomu pa WordPress, ndi ma spam akukuvutitsaniwo, mtima wanga wayambanso kuwawa.

Ine ndili ndi kanyumba ka alendo kunyanja, ku Mangochi. Fomu yosungitsira malo ili pa WordPress, ndipo m'mawa uliwonse imelo inkadzaza ndi zinyalala, za juga, za mankhwala, zina m'zilankhulo zosadziwika. Nditatopa nazo ndinaitana mnyamata amene anandikonzera webusaiti. Iye amvekere, "Mayi musadandaule, ndiika captcha lero lomwe." Anaika reCAPTCHA v3, captcha ya Google yosiyanitsa munthu ndi loboti yotumiza spam, ndinamulipira, spam yonse zii. Ndinasangalala mpaka kumuuzira anzanga awiri kuti amupatse ntchito.

Osadziwa kuti mauthenga a alendo enieni nawonso asiya kufika.

Uku kunali kumapeto kwa November, nthawi yomwe ife akunyanja timapezera ndalama zolipirira antchito mpaka mvula itatha. Masabata atatu popanda ngakhale munthu mmodzi wofunsa chipinda. Ndinkangoti mwina ndi kusowa kwa mafuta, anthu sakuyenda. Ndiye Loweruka lina masana ndili kukhitchini tikukonza chambo, foni inalira. Anali mayi wina wa ku Lilongwe. Anayankhula mofatsa, osakalipa, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandipweteka kwambiri. Anati ankafuna zipinda zonse masiku anayi, banja lonse lidzadyere Khirisimasi limodzi, ena ochokera ku Johannesburg. Fomu anaidzaza kanayi, ulendo uliwonse inkawakana. Nambala yanga anaipeza mochedwa kwa mnzawo, atalipira kale kwina. Anangoimba kuti ndidziwe. Kenako ananditumizira chithunzi: kabokosi ka mzere wa olenji, mkati mwake mawu achingerezi oti uthenga sunapite, muyesenso nthawi ina. Ndinapukuta m'manja, n'kuyesa pa foni yanga pomwepo. Kabokosi komweko. Ndinayesa pa foni ya wophika. Komweko. Miyendo inazizira, ndinakhala pa ndowa n'kuyamba kuwerenga masiku ndi zala. Antchito anga anali atandifunsa kale za ndalama ya feteleza.

Choipa kwambiri n'chakuti Contact Form 7 payokha sisunga mauthenga, imangotumiza ku imelo. Ikakana uthenga, wapita basi. Mpaka lero sindidziwa kuti ndi anthu angati anagogoda n'kubwerera. Flamingo ikanakhalapo ndikanawapeza onse mu foda ya spam n'kuwaimbira.

Mnyamata uja? Foni osayankha masiku awiri, pa WhatsApp kungowerenga. Atayankha akuti vuto ndi netiweki ya makasitomala anga, ndiwonjezere ndalama kuti aone. Ndalama yachiyani, poti wawononga ndiwe? Ndiye ndinapezanso kuti site key ndi secret key, makiyi olumikizira reCAPTCHA, anazitenga pa akaunti yake ya Gmail, moti ine mwini webusaiti sindikanatha kuona chilichonse. Munthu wopanda chisoni. Anzanga awiri aja ndinachita kukawapepesa.

Anandipulumutsa ndi mwana wa achemwali anga amene amaphunzira za makompyuta ku Blantyre. Anandifotokozera kuti v3 sifunsa mafunso, imangopereka malikisi kuyambira 0.0 mpaka 1.0, ndipo Contact Form 7 imakana aliyense wosafika 0.5. Kuti malikisiwo apezeke, pamafunika kachiphaso komwe JavaScript, timapulogalamu toyendetsa webusaiti, imapanga pa tsambalo. Mnyamata uja tsiku lomwelo anaikanso pulagini ya cache yofulumizitsa webusaiti, n'kuiuza kuti izichedwetsa JavaScript yonse. Kachiphaso osapangidwa, ndiye aliyense ankaoneka ngati loboti. Kukonza kwake sikunathe ndi ola lomwe. Anandiphunzitsanso kuti mzere wa olenji ndiye kuti fomu yakuyesani spam, wofiira ndiye kuti imelo yalephera kutuluka pa seva. Muzisiyanitsa zimenezi.

Komabe captcha ikani, achimwene, musaisiye chifukwa cha nkhani yangayi. Ma spam akachuluka mudzafufuta uthenga wa kasitomala weniweni pamodzi ndi zinyalala. Kungoti makiyi mutenge pa akaunti yanu, mulembetse domeni (adiresi ya webusaiti yanu) molondola, ndipo makiyiwo akhale a v3. Kuyambira pa mtundu wake wa 5.1 womwe unatuluka mu 2018, Contact Form 7 imagwira ndi v3, makiyi a v2 sagwira. Ngati muli ndi pulagini ya cache, iuzeni isakhudze reCAPTCHA. Captcha zija zosankha zithunzi za mabasi ndi magetsi a pamsewu ine sindizifuna n'komwe, zimadya bandulo, ndipo munthu wa kafoni kakang'ono pa netiweki yofooka amangotopa n'kuchoka. Ena m'malo mwa reCAPTCHA amayamikira Turnstile ya kampani ya Cloudflare yomwe inabwera mu 2022, ndi yaulere.

Kunena zoona, ineyo captcha ndinaichotseratu. Ndinatsala ndi honeypot, kabokosi kobisika komwe munthu sakaona koma loboti imakadzaza, ndipo spam yochepa imene imadutsa ndimafufuta ndekha ndikumwa tiyi. Mtima sunandilole kuibwezeretsa. Koma yanuyo mwati ikubwera yambiri, ndiye honeypot yokha mwina siikwana.

Ngati simuzidziwa bwino pezani munthu akuikireni, koma mukhale naye pomwepo. Asanachoke, tulukani mu admin ya WordPress, zimitsani WiFi, mudzaze fomuyo pa foni ndi bandulo wamba, kenako pa foni ya munthu wina, muone uthenga utafika mu imelo ndi maso anu. Ndipo pansi pa fomupo lembani nambala ya WhatsApp ndi zilembo zikuluzikulu. Ine Lolemba lililonse m'mawa ndimadzitumizira uthenga pa fomu yanga ndisanatsegule ofesi.